Nthabwala ya Lachisanu, Mfuti za Loweruka

Madzulo a tsiku Lachisanu, pa 14 Januwale 1966, alembi a mabuku a m'dziko la Nigeria adasonkhana mu mzinda wa Lagos pa msonkhano wa bungwe lawo. Mtsogoleri wa bungweli adali Bambo Chinua Achebe, amene panthawiyo adali ndi zaka 35, koma dzina lawo lidali litamveka kale kutali kaamba ka buku lija la Things Fall Apart limene lidatuluka m'chaka cha 1958. Pakati pa obwera kumsonkhanowo padali mlakatuli wina, Bambo John Pepper Clark, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Lagos, munthu wosadziwa kubisa mawu. Masiku apitawo a Achebe adali atawapatsa a Clark buku lawo latsopano, A Man of the People, kuti alilawe lisanafike m'masitolo. Atakumana madzulowo, a Clark adamuuza mnzawoyo kuti ndi mneneri, pakuti zonse zolembedwa m'bukumo zidali zitachitika kale m'dziko lawo kupatula chinthu chimodzi chokha, ndicho chakuti asilikali adali asanalande boma. Adali mawu ocheza, onena munthu amene wangotsiriza buku lomukomera. Kusanache Loweruka, mfuti zidalira ku Lagos, ku Ibadan ndi ku Kaduna.

Maganizo a munthu pa buku limene wangowerenga kumene kawirikawiri sapita patali. Amawanena pocheza, anzake navomereza kapena kutsutsa, kenaka nkhani n'kutembenukira ku zina. Koma mawu a Bambo Clark akhala akubwerezedwa kwa zaka zoposa 50, ndipo a Achebe eni ake adawakumbukira m'buku lawo lomaliza, There Was a Country, la mu 2012. Chifukwa chake n'chakuti buku lomwelo lidapeza owerenga ena m'miyezi yotsatira, owerenga onyamula mfuti, amene sadaonemo choseketsa ngakhale chimodzi.

Kuti nkhaniyi imveke bwino n'kofunika kuyamba ndi bukulo. Wosimba nthanoyi ndi mnyamata wotchedwa Odili Samalu, mphunzitsi pa sukulu ya sekondale ku Anata, m'dziko lina la mu Africa limene mlembi sadalitchule dzina. Tsiku lina pasukulupo padabwera mlendo wolemekezeka, Chief Nanga, nduna yoona za chikhalidwe, amene kale adamphunzitsapo Odili ku pulayimale. Odili ankanyansidwa nawo a Nanga, ndipo adali ndi chifukwa. Zaka zingapo m'mbuyomo mtengo wa khofi udagwa pa msika wa dziko lonse. Nduna ya zachuma, munthu wophunzira bwino, idalangiza kuti mtengo wogulira khofi kwa alimi utsitsidwe. Nduna yaikulu idakana popeza chisankho chidali pafupi, m'malo mwake idalamula kuti ndalama zisindikizidwe, ndipo idachotsa ntchito mlangiziyo pamodzi ndi onse omuvomereza, niwatcha oukira dziko. M'nyumba ya malamulo tsikulo, phungu wamba amene adakuwa koposa onse ponyoza ochotsedwawo adali a Nanga, ndipo mphotho ya kukuwako idali mpando wa unduna. Odili adaziona zonsezi ndi maso ake. Komabe ndunayo itamzindikira pamzere wa aphunzitsi, nimkumbatira, nikumbukira ngakhale dzina lake losereula la paubwana, kunyansidwa konse kuja kudasungunuka ngati mchere m'madzi. Posapita nthawi Odili adali mlendo m'nyumba ya a Nanga ku likulu, nyumba ya zipinda zogona 7 ndi mabafa 7, ndipo atagona pa bedi lofewa adavomera yekha mumtima kuti iyenso atapatsidwa unduna sangafune kuusiya.

Zoseketsa za m'bukuli zimabadwa pamenepa. Tsiku lina a Nanga adamtenga Odili kukacheza kwa nduna inzawo, Chief Koko. Atangomwako khofi pang'ono, a Koko adadzambatuka, nagwira pamimba, nafuula kuti adani awo awathirira chiphe. M'nyumba monse mudali chipwirikiti, a Nanga ali kalikiliki kuitana dokotala pa lamya. Khukhi atabwera naye akunjenjemera, adatenga kapu ija namwa khofi yense wotsalayo kuti aonetse kuti mulibe kanthu. Tsono adafotokoza kuti khofi wakunja amene bwana adazolowera adatha, ndiye iye adagula khofi wopangidwa m'dziko momwemo, yemwe uja boma linkalengeza usana ndi usiku kuti nzika zonse zokonda dziko lawo zizigula. Lilime la nduna lidali lisanalawepo chinthu chimene pakamwa pa nduna pankalalika. Penanso a Nanga adapita kukatsegula chionetsero cha mabuku a alembi a m'dzikomo, iwo pokhala nduna ya chikhalidwe, koma sadadziwe dzina la mtsogoleri wa alembiwo ngakhale buku lake lotchuka, ndipo chimene adachiona mwa iye ndi zovala zokha, namdzudzula kuti sadavale molongosoka. Sikovuta kuganiza m'mene mlembi ngati a Clark adamvera powerenga ndime imeneyi, ali pafupi kupita ku msonkhano wa alembi.

Luso la a Achebe lili pakuti a Nanga sadawajambule ngati chilombo. Ndi munthu wansangala, wopatsa, woyankhula chinenero cha anthu wamba, wodziwa kuvina ndi amayi a kumudzi, ndipo wowerenga amadzapezeka akuwakonda asanazindikire. Odili nayenso si mngelo. Chimene chidamlowetsa m'ndale sichidali chikondi cha dziko, koma mkwiyo, a Nanga atamlanda bwenzi lake Elsie m'nyumba momwemo iye ali pompo. Pofuna kubwezera, Odili adayamba kufunsira Edna, namwali amene a Nanga adamlipirira sukulu kuti adzakhale mkazi wawo wachiwiri, ndipo adalowa chipani chatsopano cha mnzake Max kuti akapikisane ndi a Nanga pa chisankho. Max yemweyo, wolalika za chilungamo, adalandira ndalama kwa a Koko nati azigwiritsa ntchito pomenyana nawo.

Koma pamene nthabwala ya bukuli imabaya kwambiri si pa nduna ayi. Ku Anata kudali wamalonda wina dzina lake Josiah, amene adaitana wopemphapempha wakhungu, Azoge, nampatsa chakudya, namusinthira ndodo yake mobisa kuti akapangire mankhwala oitanira malonda. Mudzi utamva, anthu sadachite msonkhano kapena kupita kubwalo. Adangoleka kugula m'sitolo ya Josiah mpaka idatsekedwa. Mudzi udali ndi eni ake, ndipo wakuba akaba mopitiriza eni akewo ankaona. Anthu omwewo akamva za nduna zimene zikumanga nyumba zosanja ndi ndalama za boma ankangogwedeza mapewa, nati azungu adadya nthawi yawo, tsopano akudya ndi mwana wa kwathu, mwina mawa chakudyacho chifika ndi kuno. Ndi maganizo omwe aja amene amanenedwa kuti mbuzi imadya pamene aimangirira. Chuma cha dziko chidalibe mwini woti n'kuona. Wowerenga amene wakhala akuseka a Koko ndi khofi wawo akafika apa amayamba kudzifunsa kuti iye waima mbali iti ya sitolo ya Josiah.

Nthanoyi imatha mwachisoni. Odili adamenyedwa pa msonkhano wa a Nanga nagonekedwa m'chipatala. Max adagundidwa dala ndi galimoto ya a Koko nafa. Bwenzi lake Eunice adatulutsa mfuti nawombera a Koko. Zigawenga za zipani zidayamba kulimbana zokhazokha, ndipo asilikali adalanda boma. A Nanga adagwidwa akuthawa pa bwato atavala ngati msodzi.

A Clark ponena kuti zonse zidachitika kale sankakokomeza. Nigeria idalandira ufulu wodzilamulira pa 1 Okutobala 1960 ili yogawidwa m'zigawo zikuluzikulu zitatu, cha Kumpoto, cha Kum'mawa ndi cha Kumadzulo, chilichonse ndi chipani chake champhamvu. Popeza mipando ya m'nyumba ya malamulo inkagawidwa potsata kuchuluka kwa anthu, ngakhale kalembera adasanduka nkhondo: wa mu 1962 adatayidwa, ndipo wobwereza wa mu 1963 adakanidwanso ndi ambiri. M'chaka chomwecho cha 1963 mtsogoleri wotsutsa boma, Chief Obafemi Awolowo, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Chisankho cha mu Disembala 1964 chidanyanyalidwa m'madera ambiri. Cha m'chigawo cha Kumadzulo, mu Okutobala 1965, chidaberedwa poyerayera, ndipo anthu okwiya adayamba kuthira petulo nyumba, magalimoto ngakhale anthu anzawo ndi kuyatsa moto. Mlembi winanso, Wole Soyinka, adaimbidwa mlandu wolowa m'nyumba ya wailesi ku Ibadan ndi mfuti ndi kusinthitsa tepi ya mawu a nduna yaikulu ya chigawocho, koma bwalo lidammasula. Ndipo moto uli kuyaka chonchi kuseri kwa nyumba, boma lidalandira alendo pakhonde: pa 11 ndi 12 Januwale 1966 atsogoleri a maiko a Commonwealth, kuphatikizapo Harold Wilson wa ku Britain, adakumana ku Lagos kukambirana za Ian Smith, amene mu Novembala 1965 adalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia. Alendowo adachoka patangotsala masiku atatu.

Usiku wa pa 14 kucha pa 15 Januwale, kagulu ka asilikali achinyamata, ambiri mwa iwo a udindo wa Major, kadapha nduna yaikulu ya Kumpoto, Sir Ahmadu Bello, ndi ya Kumadzulo, Chief Samuel Akintola. Nduna yaikulu ya dziko lonse, Sir Abubakar Tafawa Balewa, ndi nduna ya zachuma, Chief Festus Okotie-Eboh, adatengedwa m'nyumba zawo ndipo mitembo yawo idapezeka patapita masiku. Akuluakulu angapo a asilikali adaphedwanso. Major Chukwuma Kaduna Nzeogwu adayankhula pa wailesi ku Kaduna kuti adani awo adali andale aziphuphu, olandira gawo lakhumi pa ntchito iliyonse ya boma. Chiwembucho sichidatheke monga adachikonzera eni ake, ndipo ulamuliro udagwera m'manja mwa mkulu wa asilikali onse, General Johnson Aguiyi-Ironsi. M'misewu ya Lagos anthu ambiri adakondwera kuti a Nanga enieni apita. Koma walira mvula walira matope. Posakhalitsa anthu adayamba kuwerenga mitembo potsata mitundu: ambiri mwa okonza chiwembu adali Aigbo a Kum'mawa, ambiri mwa ophedwa adali a Kumpoto ndi Kumadzulo, nduna yaikulu ya Kum'mawa sidakhudzidwe, ndipo Ironsi nayenso adali Mwigbo. Mu Meyi, Ironsi atalamula kuti ulamuliro wa zigawo uthe, zipolowe zidabuka Kumpoto. Pa 29 Julayi asilikali a Kumpoto adabwezera, napha Ironsi, ndipo Yakubu Gowon adatenga mpando. Mu Seputembala ndi Okutobala Aigbo zikwi zambirimbiri okhala Kumpoto adaphedwa, ndipo otsala adathawira kwawo ndi katundu wapamutu.

M'nyengo yotereyi ndi m'mene A Man of the People adapezera owerenga ake achiwiri. Kaganizidwe kawo kadali kachidule. Mlembi wa bukuli ndi Mwigbo. Amagwira ntchito ku nyumba ya wailesi ya boma, kumene ali mkulu wa nthambi youlutsa mawu ku maiko akunja, ndipo aliyense akudziwa kuti olanda boma amathamangira ku wailesi poyamba. Buku lake latuluka mwezi womwewo wa chiwembu ndipo likuthera pa asilikali kulanda boma. Nanga akadadziwa bwanji akadapanda kuuzidwa? Tsiku lina asilikali oledzera adafika ku ofesi ya a Achebe ndi mfuti, nanena kuti akufuna kuona champhamvu n'chiti pakati pa mfuti zawo ndi cholembera cha mlembiyo. Mwamwayi sadawapeze. Anzawo a pantchito adawachenjeza pa lamya, ndipo a Achebe adachotsa banja lawo panyumba nakabisala kwa mnzawo wina wa ku Britain. Pambuyo pake adakweza mayi a kunyumba kwawo, amene adali oyembekezera, pamodzi ndi ana awiri, pa sitima ya pamadzi yodzaza ndi othawa yopita ku Port Harcourt. Mayiwo adafika amoyo, koma adapita padera. A Achebe adatsatira pa msewu, nasiya mzinda umene adagwiramo ntchito zaka zambiri.

Tsono ndani mwa owerenga awiriwa adalimvetsa bukuli? Asilikaliwo adalakwa pa chinthu chapafupi kwambiri. Buku silisindikizidwa usiku umodzi. Zolembazo zidali zitapita kale ku London, ku kampani ya Heinemann, miyezi yambiri chiwembucho chisanachitike, ndipo a Achebe adakana mpaka imfa yawo kuti adadziwapo kanthu. Akadaliwerenga mofatsa mpaka kumapeto akadaonanso kuti bukuli silitamanda asilikali. Limanena momveka kuti anthu wamba sadachitepo kanthu pa kugwa kwa bomalo, ndipo kuti omwe aja ankaombera m'manja a Nanga dzulo ndiwo adayamba kuwanyoza lero, chifukwa chakuti mphepo yatembenuka. Buku lolembedwa kuti likonzere njira olanda boma silikadathera pa mawu owawa chotere.

Kunena zoona, kukayika kwawo kudali ndi pogwira pang'ono, ngakhale sipadali pa a Achebe. Ophunzira a ku Nigeria a nthawi imeneyo adali ochepa, ndipo ambiri adadutsa pa koleji imodzi ya Ibadan. Mmodzi mwa otsogolera chiwembu ku Lagos, Major Emmanuel Ifeajuna, amene adapatira Nigeria mendulo ya golide pa mpikisano wolumpha m'mwamba ku Vancouver mu 1954, adaphunzira komweko ndipo ankadziwana bwino ndi alakatuli Christopher Okigbo ndi a Clark amene. Kwa msilikali wa m'kambi, alembi ndi a Major amenewa ankaoneka ngati ana a nyumba imodzi.

Koma a Clark nawonso, ngakhale ankanena mwachikondi, adampatsa mnzawo ulemu wolakwika. Kulosera kuti asilikali adzalanda boma sikunkafuna mneneri m'zaka zimenezo. Mu Januwale 1963 asilikali adapha Sylvanus Olympio wa ku Togo. M'chaka chomwecho maboma adagwa ku Congo-Brazzaville ndi ku Dahomey. Mu Novembala 1965 Mobutu adalanda boma ku Léopoldville. Mu Disembala asilikali adalandanso ku Dahomey. Chaka cha 1966 chidayamba ndi Bokassa ku Central African Republic, ndipo patangopita masiku ochepa Upper Volta idatsatira. Mwezi umodzi Nigeria itagwa, pa 24 Febuluwale, Kwame Nkrumah adachotsedwa ku Ghana ali paulendo. Nthano ya dziko lopanda dzina ikadatha kuthera pamenepo popanda wina kunong'oneza mlembi. Chimene a Achebe adali nacho chidali kudekha kuja kumene akulu amati ndiko kuonetsa maso a nkhono. Adamvetsera m'mene nduna zinkayankhulira, m'mene anthu ankaziyankhira, m'mene ophunzira onga Odili ankadzinamizira, ndipo adazilemba m'njira yoti munthu aseke asanadzizindikire. Dzina la mneneri lidawapweteka, pakuti lidachititsa anthu kuyang'ana tsamba lomaliza lokha ndi kuiwala Azoge ndi ndodo yake.

Bukuli lidalowa m'gulu lija la mabuku a chikuto chofiirira ngati lalanje, la African Writers Series, limene a Achebe adali mlangizi wake kuyambira 1962 kufikira 1972, ndipo m'gulu lomweli mudatulukanso No Easy Task ya Aubrey Kachingwe wa ku Malawi. Kudzera m'mabuku amenewa, ana a sukulu a m'maiko ambiri a mu Africa adakumana ndi a Nanga, ndipo kulikonse kumene bukuli lidafika owerenga adali ndi dzina lakwawo loti aike m'malo mwa dzina la ndunayo, ngakhale kuti si kulikonse kumene kudali kwanzeru kulitchula mokweza. Wowerenga wa lero amasekabe pa khofi wa a Koko. Chimene sangathenso ndicho kuseka monga adasekera amene adaliwerenga sabata ija, mfuti zisanalire, pamene kulanda boma kudali kukadali mathero a nthano.

Za alembi awiri aja, nkhondo idawalekanitsa. Pa 30 Meyi 1967 chigawo cha Kum'mawa chidadzipatula nichitchedwa Biafra, motsogozedwa ndi Odumegwu Ojukwu, ndipo nkhondo idayamba mu Julayi nitha mu Januwale 1970, itapha anthu osachepera miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo ana ofa ndi njala. A Achebe adayendera maiko kuyankhulira Biafra. A Clark adatsala mbali ya boma la Lagos, ndipo ubwenzi wawo udazizira kwa zaka zambiri. Okigbo adafera kunkhondo mu 1967. Ifeajuna adawomberedwa ndi boma la Biafra m'chaka chomwecho pa mlandu woukira. Soyinka adakhala m'ndende pafupifupi zaka ziwiri. A Achebe adalemba ndakatulo, nthano zifupizifupi ndi nkhani zodzudzula, koma padapita zaka 21 asanatulutsenso buku lalikulu la nthano, Anthills of the Savannah, mu 1987, ndipo m'buku limenelo olamulira ndi asilikali kuyambira tsamba loyamba.

Mu Malichi 1986 a Achebe, a Clark ndi a Soyinka adayendanso limodzi ku Lagos. Adapita kwa mtsogoleri wa asilikali wa nthawiyo, General Ibrahim Babangida, kukapempha moyo wa General Mamman Vatsa, msilikali wolemba ndakatulo ndiponso mnzake wa paubwana wa Babangida, amene adaweruzidwa kuti aphedwe pamodzi ndi anzake pa mlandu wofuna kulanda boma. Babangida adawalandira mwaulemu nawalonjeza kuti ayesetsa, ndipo atatuwo adatuluka ndi chiyembekezo. Pasanapite nthawi yaitali adamva kuti Vatsa ndi anzakewo awomberedwa. A Achebe adamwalira ku Boston mu Malichi 2013, ndipo a Clark adamwalira ku Lagos mu Okutobala 2020.